KODI FAKITALE YA SOLA INGAMANGIDWE KU KATETE?

Munthu woyenda pa mseu waukulu wa Kum'mawa, kucokera pa Sinda kudzera pa Katete, kapena wolowera m'midzi ya kumalire ku Vubwi, sangalephere kuona kanthu kamene zaka 20 zapitazo kanali ka anthu owerengeka okha. Pa madenga a malata, pa madenga a udzu, ngakhale pa thandala loyanikapo mbale, pali magalasi akuda onyezimira amene aliyense akuwachula kuti sola. Wina akuchajira foni, wina akumvetsera wailesi, mnyamata wina watsegula kanyumba kometera anthu, ndipo m'madimba ena pampu yalowa m'malo mwa keni yothirira imene inkathyola amai msana.

Cimene cinafulumiza zonsezi ndi cilala ca 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la cilala. Cimanga cinapserera m'minda, ndipo madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kotero kuti makina ambiri opukusa magetsi anaima. Popeza gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limacokera ku madzi, pofika mwezi wa Seputembala nyumba zambiri zinali kuona magetsi kwa maola atatu cabe pa tsiku. Amene anali ndi kandalama anathamangira sola. Bungwe lina lofufuza za magetsi, lochedwa Ember, linapeza kuti m'miyezi 12 yothera mu Juni 2025 maiko a mu Africa anagula ku China mapanelo okwana mamegawati oposa 15,000, ndi kuti mapanelo olowa mu Zambia anawirikiza ka 8 poyerekeza ndi caka ca m'mbuyo mwake.

Tsono funso limene likumveka pa mphala, m'misika ndi pakati pa acinyamata omaliza sukulu amene akusowa nchito ndi lomveka ndithu. Dzuwa lili konkuno, ndipo m'mwezi wa Okutobala limaswa mtengo. Mkuwa ndi wa dziko lino. Mcenga uli mbwee m'mitsinje. Ogula ndi awa. Nanga n'cifukwa ninji mapanelo ayenera kuoloka nyanja yamcere, m'malo moti fakitale yake imangidwe pa Katete pompano, ndalama zitsale kuno ndipo ana apeze nchito?

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa mosabisa mau, pakuti tsiku lina kudzafika alendo a zikwama kudzapempha malo kwa mafumu m'dzina la fakitale, ndipo anthu ayenera kudziwiratu cimene cingatheke ndi cimene cili cabe mau a pakamwa.

FAKITALE SITSATA DZUWA

Coyamba cofunika kusiyanitsa ndi ici: munda wa sola ndi fakitale ya sola ndi zinthu ziwiri. Munda wa sola ndi malo amene ayalapo mapanelo zikwi-zikwi kuti apange magetsi. Umenewu umatsatadi dzuwa, malo a cidikha, ndi mawaya akulu-akulu a ZESCO oti anyamule magetsiwo. Yotereyi ndi ya Bangweulu, ya mamegawati 54, ndi ya Ngonye, ya mamegawati 34, imene inayamba nchito mu 2019 kumwera kwa Lusaka, ndiponso wa ku Chisamba, wa mamegawati 100, umene unatsegulidwa mu 2025. Yaing'ono ilinso kuno. Mu 2017 kampani ya Muhanya Solar inaika kamunda ka makilowati 30 ku Sinda kowalitsira nyumba ndi timasitolo, ndipo mu 2019 kampani ya Engie inacita cimodzi-modzi m'mudzi wa Chitandika, m'cigawo comweci.

Koma fakitale yopanga mapanelowo ilibe nazo nchito za dzuwa. Ingathe kumangidwa m'dziko la cisanu ndi mitambo, malinga ngati zofunika zake zilipo. Ndipo zofunikazo n'zimene makolo a Acewa ankazidziwa bwino pamene anali kusungunula citsulo. Ng'anjo sankaimanga pakati pa mudzi cifukwa cakuti pali ogula makasu ambiri. Ankaimanga kumene kunali miyala ya citsulo, mitengo yolimba ya makala, dothi la pa culu loumbira, ndi amisiri odziwa kupemerera moto ndi mvukuto. Khasu likasulidwa, ndi limene linkayenda ulendo kukafuna mlimi. Eni mafakitale a lero amawerenga motero, kungoti ng'anjo zao n'zazikulu ndipo ulendo wa katundu wao ndi wautali.

KUCOKERA KU MWALA KUFIKA PA DENGA

Panelo limene lili pa denga silipangidwa m'nyumba imodzi. Limadutsa m'manja osiyana-siyana, ndipo gawo lililonse lili ndi njala yake-yake.

Ciyambi cake ndi mwala woyera wa nsangalabwi. Mcenga wa mumtsinje wa Katete ndi wa mtundu womwewo, koma uli ndi zitsotso zambiri, motero opanga amafuna mwala woyera bwino wokumba m'migodi. Mwalawo amauponya m'ng'anjo ya magetsi pamodzi ndi malasha ndi zibenthu za mitengo, pa moto wofika madigiri pafupi-fupi 2,000, ndipo mumatuluka cinthu cotuwa conga citsulo cochedwa silikoni.

Silikoni imeneyi ikali yakuda kwa opanga sola. Iyenera kuyeretsedwa ndi mankhwala ndi moto mpaka pa timagawo miliyoni imodzi patsale kamodzi kokha, kapena kucepera apo, kamene kali kacitsotso. Apa ndi pamene magetsi amathera. Bungwe loona za mphamvu za magetsi ndi mafuta pa dziko lonse, la International Energy Agency, linanena mu 2022 kuti pa ndalama zonse zoyeretsera silikoni, zoposa magawo 40 pa 100 zimalipira magetsi okha. Ndiponso magetsiwo sayenera kuphethira. Ng'anjo ikazima pakati pa nchito, zimene zinali m'kati zimaonongeka, monga mmene uvuni wa njerwa umaonongekera nkhuni zikatha usiku wa pakati.

Ikayera, amaisungunulanso pa madigiri oposa 1,400 ndi kuikoka pang'ono-pang'ono, nikhala cipika cobulungira ngati mtondo wautali. Cipikaco amaciceka ndi waya wopaka fumbi la dayamondi, nacigawa m'timapale topyapyala kuposa cigoba ca dzira. Timapaleto timapita ku fakitale ina, ya m'nyumba zoyera kuposa cipinda ca opaleshoni ca pa St Francis, kumene amatipaka mankhwala ndi kutilemba timizere ta siliva. Tikatero tasanduka maselo, ndiwo timabwalo takuda tija timene timaoneka m'kati mwa galasi, timene timasandutsa kuwala kukhala magetsi.

Gawo lotsiriza ndilo kulumikiza. Maselo amawasokerera pamodzi ndi timalamba ta mkuwa, nawaika pakati pa galasi ndi pulasitiki, nawaotca pang'ono kuti madzi asalowe, nazunguliza felemu ya aluminiyamu, ndi kumata kabokosi ka mawaya kumbuyo. Munthu akanyamula panelo n'kumva kulemera, adziwe kuti wanyamula maka-maka galasi ndi felemu. Silikoni, imene yadya magetsi onse aja, ndi kagawo kakang'ono ka kulemerako. Mfundo imeneyi ndi yofunika, ndipo idzabweranso kutsogoloku.

CIFUKWA CAKE ZAMBIRI ZICOKERA KU CHINA

Selo loyamba la silikoni logwira nchito bwino linapangidwa ku America mu 1954. Pambuyo pake Japan ndi Germany anatsogola. Koma lipoti la 2022 lija linaonetsa kuti pa gawo lililonse, kuyambira kuyeretsa silikoni mpaka kulumikiza, China anali kupanga zoposa magawo 80 pa 100 a dziko lonse lapansi, ndipo pa kuceka timapale tija anali kupanga pafupi-fupi zonse.

Sizinacitike mwangozi. Mafakitale oyeretsa silikoni anawamanga kumadera akutali monga Xinjiang ndi Inner Mongolia, kumene malasha a pansi ndi ochipa, ndiponso ku Sichuan ndi Yunnan kumene kuli madamu akulu. Cigawo ca Xinjiang cokha cinali kutulutsa magawo 40 pa 100 a silikoni yoyera ya dziko lonse. Mafakitale ambiri olumikiza anawaika cakum'mawa kwa dzikolo, pafupi ndi madoko, kumenenso kuli opanga galasi, opanga mafelemu ndi opanga makina, onse moyandikana. Kacitsulo kakathyoka m'mawa, masana kafika kena. Kuyambira 2011, China anathira m'nchito imeneyi ndalama zoposa madola 50 biliyoni, kuwirikiza ka 10 zimene maiko a ku Ulaya anathira. Mafakitale ake ndi akulu kotero kuti panelo limodzi mwa mapanelo 7 alionse a pa dziko lapansi linali kudutsa m'fakitale imodzi yokha.

Zotsatira zake zili pawiri. Mtengo wa mapanelo unagwa ndi magawo pafupi-fupi 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020, ndipo n'cifukwa cake mlimi wa ku Vubwi angathe lero kugula sola atagulitsa matumba owerengeka a soya. Koma kugwa kwa mtengo komweko kunagwetsanso mafakitale a maiko ena. Ku Germany, dziko la amisiri odziwika, kampani ya Q-Cells inalephera kulipira ngongole mu 2012, ndipo ya SolarWorld inatsatira mu 2017. Ngati mkuntho unazula mibawa yotere, wofuna kubzala kamtengo pamalo pomwepo ayenera kuyamba wayang'ana kumene mphepo icokera.

MSONKHO NAWO UMASAMUTSA MAFAKITALE

Pali cinthu cina cimene osula makasu akale sankalimbana naco kweni-kweni, ndico msonkho wa pa malire. Mu 2012 dziko la America linaika msonkho waukulu pa maselo ocokera ku China. Makampani sanataye nthawi. Anakamanga mafakitale ku Malaysia, Vietnam, Thailand ndi Cambodia, ndi kumatumiza katundu kucokera kumeneko. Anthu zikwi zambiri a m'maiko amenewo anapeza nchito. Koma mu 2025 America anaikanso msonkho pa maiko anai omwewo, ndipo pa makampani ena a ku Cambodia msonkhowo unaposa mtengo wa katundu kuwirikiza ka 35. Fakitale imene inabwera pothawa msonkho imanyamukanso msonkho ukaipeza, ndipo otsala m'madzi ndi anchito.

India anatenga njira ina. Kuyambira Epulo 2022 anaika msonkho wa magawo 40 pa 100 pa mapanelo akunja, napereka ndalama zolimbikitsa amene amanga mafakitale m'dzikomo. Iye angathe kutero cifukwa ali ndi anthu oposa biliyoni imodzi, ndipo msika wake wokha ungadyetse mafakitale ambiri. South Africa anaika msonkho wa magawo 10 pa 100 mu 2024.

Kuno Boma linasankha kucotsa msonkho pa mapanelo kuti anthu agule mochipa, ndipo m'caka ca mdima cija n'zimene zinapulumutsa mabizinesi ambiri ang'ono-ang'ono. Koma walira mvula walira matope. Panelo likamalowa popanda msonkho, munthu wolumikiza mapanelo m'dziko muno amapikisana maso ndi maso ndi mafakitale akulu a ku China. Boma likati limuteteze ndi msonkho, wolipira msonkhowo ndi mlimi yemwe uja wa pampu ya m'dimba. Amene amafuula kuti fakitale ibwere msanga sakonda kuchula mbali imeneyi.

Komabe Africa sali kunja kweni-kweni. Ku Kenya, m'tauni ya Naivasha, munatsegulidwa fakitale yolumikiza mapanelo mu 2011, ndipo ku Durban kuli ya ARTsolar. Citsanzo coyenera kuciyang'anitsitsa ndi ca Ethiopia, pakuti dzikolo lilibe doko monga Zambia. Mu 2025 kampani ya ku Japan yochedwa Toyo inayamba kupanga maselo ku Hawassa. Cimene cinaikoka ndi magetsi ochipa a madamu a dzikolo, malo okonzeratu a mafakitale okhala ndi nyumba, madzi ndi miseu, ndi mwai wogulitsa ku America popanda misonkho imene inagwera maiko a ku Asia. Kusowa nyanja yamcere sikunaletse. Cimene cikanaletsa ndi kusowa magetsi.

Za magetsizi anansi a ku Mozambique ali nayo nkhani. Fakitale ya Mozal yosungunula aluminiyamu, citsulo comwe cija ca mafelemu, inamangidwa pafupi ndi Maputo ndi kuyamba nchito mu 2000 cifukwa ca doko ndi magetsi ochipa, ngakhale kuti dothi losungunulalo limacokera ku Australia. Mu 2025 eni ake analengeza kuti adzaimitsa nchito ngati sagwirizana ndi ogulitsa magetsi pa za mtengo. Fakitale ya ng'anjo imakhala ndi moyo malinga ndi mtengo wa magetsi, basi.

ZIMENE DZIKO LINO LINAONA KALE

Akulu-akulu a m'cigawo cino sakufunika kuuzidwa zambiri, pakuti anaona ndi maso. M'nthawi ya a Kenneth Kaunda, Boma, kudzera m'kampani yake ya INDECO, linayesa kugawira zigawo zonse mafakitale kuti citukuko cisangothera m'mbali mwa njanji. Ku Mansa kunapita fakitale ya mabatire, ku Livingstone yolumikiza magalimoto a Fiat, ku Mwinilunga ya zinanazi, ku Kapiri Mposhi ya mabotolo a galasi, ndipo Chipata analandira Luangwa Industries, ya njinga za Eagle.

Colinga cinali cabwino, ndipo palibe angatsutse kuti Kum'mawa ndiko kwao kwa njinga. Koma zipangizo zambiri za njingazo zinali kucokera kunja, kuoloka nyanja, kukwera malole mtunda wautali, ndi kulipiridwa ndi ndalama zakunja zimene zinali kusowa mtengo wa mkuwa utagwa. Malinga ngati malire anali ochingidwa, fakitale inali kupuma. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, katundu wochipa wakunja anadzaza m'masitolo, ndipo mafakitale ambiri a mtundu umenewu anafooka kapena kutsekedwa.

Yerekezani ndi nchito zimene zazika mizu kuno. Makina opuntha thonje ali m'cigawo cino cifukwa thonje la njere ndi lolemera ndi lodzaza malo, ndipo n'kwanzeru kulipuntha pafupi ndi munda. Bungwe la COMACO limapera ciponde ku Chipata cifukwa nsawa zili pakhomo. Pamene kampani ya Boma ya IDC inasankha Katete kukhala malo a fakitale ya zipatso, inali kutsata mango amene amaolera pansi caka ndi caka. M'zonsezi cipangizo cacikulu cili konkuno. Pa sola, cipangizo cacikulu, ndiwo maselo, ciyenera kucokera kutali, monga zinalili ndi zitsulo za njinga.

KATETE PA SIKELO

Tsono Katete akaikidwa pa sikelo ya eni mafakitale, akulemera bwanji?

Pa za mseu, sali pambuyo. Pa boma pompo mseu wa Lusaka umakumana ndi wa ku Chanida, umene umatsikira ku Tete mpaka ku doko la Beira, ndipo malole a feteleza ndi mafuta amadutsamo usana ndi usiku. Kum'mawa kuli cipata ca Mwami ndi njanji ya Mchinji, imene inafika pa Chipata mu 2010 patapita zaka 28 ciyambire nchito yake, ndipo imalumikiza cigawo cino ndi doko la Nacala. Katundu wa pa madoko awiriwa wodzera njira zimenezi amayamba wafika kuno asanaone Lusaka. Pali madera ambiri a dziko lino amene angasirire malo otere.

Pa za ogula, cigawo ca Kum'mawa cinali ndi anthu oposa 2.4 miliyoni pa kalembera wa 2022, ndipo ambiri a iwo ali m'midzi imene mawaya a ZESCO sanafike. Kutsidya kwa malire kuli Malawi ndi cigawo ca Tete, anthu a cilankhulo cimodzi, amene caka ciliconse mu Ogasiti amasonkhana pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Wamalonda wanzeru angaone pamenepo msika wa maiko atatu. Koma panelo lowalitsira nyumba ya m'mudzi ndi laling'ono. Ogula akulu ndi migodi ya ku Copperbelt ndi ku Solwezi, ndi minda ya sola ya mamegawati 100, ndipo ambiri a iwo ali kumadzulo, makilomita pafupi-fupi 500 kapena kuposa kucokera pa Katete.

Pa za magetsi ndi pamene sikelo ipendekera. N'zoona kuti mawaya amphamvu a 330 kV anafika kucokera ku Pensulo kudzera ku Msoro mpaka ku Chipata, ndipo anacepetsa vuto la magetsi ofooka limene linasautsa cigawo cino kwa zaka zambiri. Koma waya umanyamula zimene zilipo. Dziko limene mu 2024 linali kugula magetsi kunja kuti migodi isaime silingalonjeze mwini ng'anjo ya silikoni magetsi ochipa osazima kwa zaka 20. Codabwitsa n'cakuti damu la Cahora Bassa, la mamegawati oposa 2,000, lili pafupi ndi Katete kuposa Kariba, koma gawo lalikulu la magetsi ake limapita ku South Africa. Maboma a Zambia ndi Mozambique akhala akukambirana za waya wolumikiza maiko awiriwa. Ukadzamangidwa, nkhani ya mafakitale Kum'mawa idzafunika kuiwerenganso.

Palinso za malo okonzeratu. Boma lili ndi madera apadera a mafakitale, monga la Chambishi ndi la kumwera kwa Lusaka, kumene wobwera amapeza miseu, madzi ndi magetsi, ndi kupeputsiridwa misonkho ina. Wamalonda wofuna kulumikiza mapanelo mu Zambia adzayamba wayang'ana kumeneko, ndipo Katete ayenera kukhala ndi cifukwa comveka comubwezera kuno.

Motero kuyeretsa silikoni, kuceka timapale ndi kupanga maselo si nchito za Katete lero, ndipo wolonjeza zotere pa msonkhano akusewera ndi anthu. Kulumikiza mapanelo ndiko kungaganiziridwe, cifukwa sikudya magetsi ambiri ndipo nchito yake munthu wa Giredi 12 angaiphunzire m'miyezi yocepa. Koma pokumbukira kuti kulemera kwa panelo ndi galasi, funso lalikulu ndi lakuti galasilo licokera kuti. Likakhala locokera ku China pamodzi ndi maselo ndi mafelemu, ndiye kuti lole yanyamula katundu yemweyo, kungoti wosamanga, ndipo phindu lotsala kuno ndi locepa. Fakitale ya ku Kapiri Mposhi inaonetsa kuti mcenga wa galasi ulipo m'dziko muno, ngakhale kuti galasi la sola ndi la mtundu wina, loyera kwambiri ndi lolimba, ndipo ng'anjo yake nayonso sifuna kuzima.

ZIMENE ZILI PAFUPI NDI DZANJA

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu akagula sola yothirira dimba, ndalama zake sizithera pa panelo lokha. Pali mawaya, pali zitsulo zokhazikapo mapanelo, thanki ndi nsanja yake, mapaipi, batire, ndi malipiro a mmisiri. Mawaya a mkuwa amapangidwa kale m'dziko muno ndi kampani ya ZAMEFA ku Luanshya. Nsanja ndi zokhazikapo angazipange owocherera zitsulo a pa Katete ndi pa Sinda, amene akupanga kale mafelemu a zitseko ndi ngolo za ng'ombe. Zimenezi n'zolemera, n'zosautsa kunyamula, ndipo zimafuna kupimidwa pa malo pomwepo. Pa katundu wotere wa pafupi ndiye amapambana wakutali.

Nchito yoika ndi kukonza nayonso siingacokere ku China. Cigawo cino cinaphunzira zimenezi kale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi thandizo la dziko la Sweden, kunakhazikitsidwa timakampani ku Nyimba, Chipata ndi Lundazi timene tinali kuika sola m'nyumba za anthu, eni nyumba n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Cimene cinaoneka n'cakuti panelo silivuta. Limatha zaka 20 kapena kuposa. Covuta ndi batire, ndi kusowa munthu wodziwa wapafupi. Lero lino m'midzi yambiri muli masola ogona, ena cifukwa ca kawaya kamodzi kothothoka, ena cifukwa wogulitsa anapereka panelo lolembedwa mawati 100 pamene mphamvu yake siifika pamenepo. Mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira za magetsi pa sukulu ya nchito za manja ya ku Chipata, nakhala ndi kamakina kopimira ndi njinga, ali ndi nchito yomuyembekeza kuyambira ku Nyanje mpaka kwa Pembamoyo.

ALENDO AKAFIKA KUDZAPEMPHA MALO

Malo ambiri a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ali m'manja mwa mafumu. Lamulo la za malo la 1995 limalola kuti malo otere asandutsidwe a cikalata ca zaka zofika 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza, ndipo akasanduka n'kovuta kuti abwererenso ku mudzi. Fakitale ikalephera, mpanda umatsala, ndipo ng'ombe zimazungulira.

N'cifukwa cake mafumu, nduna zao, makhansala ndi makomiti a citukuko ca m'mawadi ayenera kufunsa mlendo mafunso olunjika asanadinde cala. Kodi ndi gawo liti la nchito limene lidzacitikire pano, kupanga kapena kungomasula mabokosi? Maselo ndi galasi zidzacokera kuti, ndipo zidzadzera doko liti? Magetsi okwana bwanji, ndipo ZESCO yavomera polemba? Wogula ndani, ndipo ngati ali kunja kwa dziko, cidzacitike n'ciani msonkho wa kumeneko ukasintha? Ndi anthu angati a konkuno amene adzalembedwe nchito yokhalitsa, kupatula ya masiku omanga?

Kukula kwa malo opemphedwa nakonso kumaulula zambiri. Nyumba yolumikiziramo mapanelo, pamodzi ndi mosungira katundu ndi poimika malole, imakwana pa mahekitala owerengeka. Munda wa sola ndiwo umadya malo, hekitala imodzi kapena awiri pa megawati iliyonse, ndipo ukatha kumangidwa umasunga anchito ocepa, alonda, otsuka magalasi, ocheca udzu ndi amisiri angapo. Wopempha mahekitala 200 m'dzina la fakitale afunsidwe kuti aonetse pa pepala cimene cidzaime pa hekitala iliyonse, ndiponso alembe m'pangano kuti malowo adzabwerera kwa eni ake ngati nchito siinayambe m'zaka zimene agwirizana.